Mlendo Womanga pa Bwinja: Maganizo pa Buku la William Bradford

Mtundu uliwonse wa anthu uli ndi nkhani ya chiyambi chake, ndipo kawirikawiri nkhaniyo imakoma m'kamwa mwa adzukulu koposa m'mene inaliri m'maso mwa makolo amene anaiona ikuchitika. Anthu a ku America nawonso ali ndi nkhani yotere. Iwo amasimba za kagulu ka Angerezi opembedza amene anawoloka nyanja ya Atlantic m'chombo chotchedwa Mayflower m'chaka cha 1620, namanga mudzi wa Plymouth m'dziko limene iwo analitcha New England. Gwero lalikulu la nkhaniyi ndilo buku limodzi, dzina lake Of Plymouth Plantation, lolembedwa ndi William Bradford, amene anali bwanamkubwa wa mudziwo zaka ngati 30. M'nkhani ino ndifuna tiliyese bukuli monga akuluakulu amayesera mboni pabwalo la milandu. Tifunse kuti mboniyo inaona chiyani, inanena motani, ndipo n'chiyani chimene chinali pamaso pake koma osachizindikira.

Mlembi ndi buku lake

Bradford anabadwa m'chaka cha 1590 m'mudzi wa Austerfield ku Yorkshire, ndipo anakula ali mwana wamasiye. Masiku amenewo lamulo linali kukakamiza munthu aliyense kupembedza mu Mpingo wa England. Panali anthu ena amene anali kunena kuti mpingowo uyenera kuyeretsedwa pochotsamo miyambo imene iwo sanaipeze m'Baibulo, ndipo anthuwa ndiwo anatchedwa Apuritan. Ambiri a iwo anakhalabe mumpingo, koma ena ochepa anati kuyeretsa sikutheka, natuluka. Bradford akali mnyamata anaphatikana ndi odzipatulawa, amene anali kusonkhana m'nyumba ya William Brewster ku Scrooby. Pothawa mazunzo anapita ku Amsterdam m'chaka cha 1608, ndipo m'chaka chotsatira anasamukira ku Leiden pamodzi ndi mbusa wawo John Robinson. Kumeneko Bradford anali kudya za ntchito yowomba nsalu.

Ku Holland anapeza ufulu wa kupembedza, koma umphawi unawapsinja, ndipo makolo anali kudandaula poona ana awo alikutengera makhalidwe a eni dzikolo. Tsono anapangana ndi amalonda a ku London kuti awalipirire ulendo wa ku America, iwo nadzagwira ntchito pamodzi zaka 7 kuti phindu ligawidwe. M'chombo munali anthu aulendo 102, ndipo si onse amene anali a mpingo wa ku Leiden. Atayenda masiku 66 anafika ku Cape Cod mu Novembala 1620. Asanatsike, amuna 41 analemba maina awo pa pangano la kumvera malamulo amene adzadzipangira okha. Bwanamkubwa woyamba, John Carver, anamwalira mu Epulo 1621, ndipo Bradford analowa m'malo mwake.

Iye anayamba kulemba bukuli m'chaka cha 1630, naleka cha m'ma 1650, namwalira m'chaka cha 1657 osaliona litasindikizidwa. Zolemba zake za pamanja zinasowa ku Boston pa nthawi ya nkhondo imene America inalimbana ndi England pofuna kudzilamulira. Zinadzazindikirika m'chaka cha 1855 m'nyumba ya mabuku ya Bishopu wa London ku Fulham, zinasindikizidwa mu 1856, ndipo zinabwezedwa ku Massachusetts mu 1897.

Ubwino wa mboniyi

Tiyambe ndi zoyenera kutamandidwa, pakuti zilipo zambiri. Bradford amalemba mawu osavuta, osadzikometsera, ndipo m'buku lonse sakonda kudzitchula dzina. Akafika pa ntchito zake angoti bwanamkubwa anachita chakuti, ngati kuti alikunena za munthu wina. Achinyamata athu ofuna kuphunzira kulemba, amene amaganiza kuti nzeru ili m'mawu aataliatali, angapindule kwabasi poona m'mene mkuluyu amafikira pamtima ndi mawu ochepa.

Chitsanzo ndicho nkhani ya nyengo yachisanu yoyamba. M'miyezi yowerengeka theka la anthuwo linatha ndi kuzizira, kusowa nyumba, ndi nthenda zobwera chifukwa cha zakudya zoipa za paulendo. Bradford sataya nthawi ndi kulira maliro. Iye atembenuzira maso athu kwa anthu 6 kapena 7 amene anatsala ndi mphamvu, mwa iwo Brewster ndi msilikali Myles Standish, m'mene anali kutema nkhuni, kukoleza moto, kuphika, kuchapa zovala zonyansa za odwala ndi kuwasambitsa. Aliyense amene anadwazikapo matenda adziwa kuti zimenezi n'zoona, ndipo chifukwa cha ichi timkhulupirira pa zina.

Mkazi wake Dorothy anagwa m'madzi kuchokera m'chombo, namira, mu Disembala 1620, mwamuna wake ali ku ulendo wofuna malo omangapo. M'nkhani yonse ya masiku amenewo Bradford sanatchulepo imfayi. Ingopezeka m'mawu ochepa pa mndandanda wa maina kumapeto kwa buku. Munthu wotere sali kulemba kuti timmvere chisoni. Ndiponso sabisa zolakwa za anzake: asimba za ngongole ya mapaundi 1,800 imene anapangana kulipira amalonda aja, ndi m'mene mmodzi wa iwo eni, Isaac Allerton, anasokonezera chuma cha mudzi mwa kufuna phindu lake. Mboni yoneneza abale ake pamene alakwa ndiyo mboni yoyenera kuimvetsera.

Chimanga cha m'nthaka

Koma mboni yokhulupirika ikhoza kukhala ndi diso limodzi lofooka, ndipo apa ndipo pagona mlandu wanga ndi bukuli. Bradford anali kukhulupirira kuti chilichonse chochitika ndi uthenga wa Mulungu wonena za kagulu kake. Mmalinyero wina wonyoza odwala m'chombo atadwala ndi kufa, iye aonapo chilango. Mnyamata John Howland atagwera m'nyanja nagwira chingwe cha matanga, napulumuka, iye aonapo chifundo. Sindili kutsutsa chikhulupiriro cha munthu woyamika Mlengi wake. Choopsa chibwera pamene mdalitso wa mmodzi uli tsoka la mnzake, ndipo woyamikayo aona mdalitso wokhawo.

Taonani nkhani ya chimanga. Atafika ku Cape Cod, amuna ena anatsika kukazonda dziko, napeza milu ya mchenga yokumbidwa chatsopano. Pofukula anapeza madengu a chimanga chimene eni dziko anakwirira, natenga. Bradford avomera poyera kuti anatenga, anena kuti popanda mbewuyo akanafa ndi njala chaka chotsatira, nawonjeza kuti patapita miyezi ngati 6 anawalipira eni ake. Zonsezi n'zabwino. Koma pomaliza iye aitcha nkhaniyi chisamaliro chapadera cha Mulungu. Mlimi aliyense adziwa kuti chimanga chosungidwa mosamala chotero chili ndi mwini wake amene alikuchiwerengera. Mayi amene anabwera nthawi yachisanu napeza dzenje lopanda kanthu anaona chiyani? Funsoli silipezeka m'buku. Komanso buku lina la m'chaka cha 1622, Mourt's Relation, limene ophunzira ambiri amati Bradford analemba nawo pamodzi ndi Edward Winslow, lisimba kuti pa maulendo omwewo anafukula manda natengamo zinthu. M'buku lake lalikulu Bradford angotchula kuti anaona manda, napitirira.

Bwinja la Patuxet

Pofotokoza tsiku lofika, Bradford ajambula dzikolo ngati chipululu choopsa cha zilombo ndi anthu olusa. Ndime imeneyi ndiyo yotchuka m'buku lonse, ndipo inalembedwa mwaluso ndithu. Koma masamba ochepa patsogolo iye yemweyo anena kuti malo amene anasankha anali ndi minda yolimidwa kale ndi timitsinje ta madzi abwino. Chipululu chili ndi minda? Malowo anali mudzi wa Patuxet wa anthu a mtundu wa Wampanoag. Pakati pa zaka za 1616 ndi 1619 mliri woopsa, umene ambiri amati unabwera ndi zombo za Azungu, unasesa midzi ya m'mbali mwa nyanja imeneyo, ndipo Patuxet inatsala yopanda munthu.

Chinenero chathu chili ndi mawu a malo otere: ndi bwinja. Ndipo mwana aliyense wokulira kumudzi adziwa kuti bwinja si thengo. Pabwinja pali manda, pali mitengo imene wina anabzala, pali abale okhala kutsidya amene amapatchabe kwathu. Womanga pabwinja amayamba wafunsa. Bradford anaona mafupa. Asimba yekha kuti anthu ake popita kwa mfumu Massasoit m'chaka cha 1621 anapeza zigaza ndi mafupa zili mbwee pamtunda, chifukwa panalibe wotsala woti aike maliro, ndipo avomera kuti chinali chomvetsa chisoni kuona. Maso ake anaona, mtima wake unakhudzidwa, koma maganizo ake sanafike pa kufunsa kuti malowa ndi a yani.

Munthu mmodzi wa pa Patuxet anatsala, ndiye Tisquantum, amene Angerezi anamutcha Squanto. M'chaka cha 1614 woyendetsa chombo wina, Thomas Hunt, anamuba pamodzi ndi anzake oposa 20, napita nawo ku Spain kukawagulitsa ukapolo. Iye anapulumuka, nakhala ku London, naphunzira Chingerezi, ndipo pobwerera kwawo mu 1619 anapeza abale ake onse atatha. Ameneyu ndiye anamasulira mawu pa pangano la mtendere pakati pa Angerezi ndi Massasoit mu Malichi 1621, nawaphunzitsa kubzala chimanga poika nsomba m'phando kuti zikhale manyowa.

Bradford asimba za kubedwa kwake m'mizere yochepa, namutcha chida chotumidwa ndi Mulungu kuti chithandize Angerezi. Taganizani, owerenga anga, za mawu amenewa. Munthu wabedwa, wagulitsidwa, wayenda maiko achilendo zaka 5, wabwera napeza alendo alikumanga pa manda a amake, ndipo moyo wake wonse uwerengedwa ngati khasu losulidwira dzanja la wina. Pambuyo pake Bradford adandaula kuti Squanto anayamba kudzifunira ulemu, naopseza anzake kuti Angerezi akwirira mliri m'nthaka ndipo akhoza kuutulutsa. Mlembi aona chinyengo chabe. Wowerenga wofatsa aona munthu wopanda mbumba, wofunafuna poponda pakati pa mitundu iwiri. Iye anamwalira ndi malungo m'chaka cha 1622.

Chimodzimodzinso Massasoit. Iye sanalandire alendo chifukwa cha kupusa. Anthu ake anachepa ndi mliri, pamene adani ake a mtundu wa Narragansett sanakhudzidwe kwenikweni, ndipo anafuna abwenzi okhala ndi mfuti. Anali mfumu yoganiza za mawa a anthu ake. Mwina anayesa kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma mlendo uyu anabwera ndi mkazi, ana ndi mbewu.

Mwazi ndi kalata ya mbusa

M'chaka cha 1623 mbiri inamveka yakuti eni dziko a ku Wessagusset apangana kupha Angerezi a kumeneko, amene anali atawabera chakudya. Standish anapita ndi amuna ochepa, napha anthu angapo, ndipo mutu wa mmodzi, Wituwamat, unapachikidwa pa linga la Plymouth. Bradford aidutsa nkhaniyi mofulumira. Komabe apa pali chinthu chondichititsa kumlemekeza. Mbusa Robinson, ali ku Leiden, analemba kalata yowadzudzula, nadandaula kuti anapha anthu asanatembenuze ndi mmodzi yemwe, nachenjeza kuti mwazi ukayamba kukhetsedwa suleka msanga. Bradford akanatha kuibisa kalatayo, koma anaikopera m'buku lake. Anasunga umboni womtsutsa iye mwini.

Chenjezolo linakwaniritsidwa mu Meyi 1637, pa nkhondo yolimbana ndi mtundu wa Pequot. Asilikali Achingerezi a ku Connecticut ndi ku Massachusetts, mothandizidwa ndi mitundu ina ya eni dziko, anazinga linga la Mystic m'bandakucha nalitentha, muli amuna, akazi ndi ana. Anthu a ku Plymouth sanali nawo pankhondopo, koma Bradford analemba nkhani yake, nati anafa anthu ngati 400. Avomera kuti zooneka pamenepo zinali zoopsa, koma m'ndime yomweyo afanizira kupambanako ndi nsembe yokondweretsa, nasimba m'mene opambanawo anatamandira Mulungu. Ndime iyi ndiyo yakuda koposa m'buku lonse. Ndipo chodabwitsa n'chakuti dzanja lomweli linalemba mwachifundo za nthomba imene inagwira eni dziko a ku mtsinje wa Connecticut mu 1634, ndi m'mene Angerezi ena anawatungira madzi ndi kuwaikira maliro. Munthuyu sanali wouma mtima. Chimene chinamsokeretsa ndicho kudziyesa mtundu wosankhidwa, kotero kuti imfa ya ena inakhala chiphunzitso cha iye osati maliro a iwo.

Mudzi ubalalika

Gawo lomaliza la bukuli ndi lachisoni, ndipo ambiri otamanda chiyambi cha America salifika. M'chaka cha 1623 analeka kulima munda umodzi wa onse, banja lililonse nilipatsidwa chigawo chake, ndipo Bradford akondwera kuti zokolola zinachuluka. Kuyambira 1630 Apuritan zikwizikwi anafika ku Massachusetts motsogozedwa ndi John Winthrop, ndipo mtengo wa chimanga ndi ng'ombe unakwera. Anthu a ku Plymouth analemera, nafuna minda yaikulu ndi msipu. Ena anasamukira ku Duxbury cha m'ma 1632, pakati pawo Standish ndi Brewster. Ena anapita ku Nauset mu 1644. Winslow anapita ku England mu 1646, ndipo sanabwererenso. Bradford afanizira mpingo wa Plymouth ndi mayi wokalamba wosiyidwa ndi ana ake. Pamapeto penipeni analemba zaka za 1647 ndi 1648 monga mitu, koma pansi pake sanalembepo kanthu. Mu ukalamba wake anatembenukira ku kuphunzira Chihebri.

Apa ndipo ndiona kulephera kwakukulu kwa mboniyi. Njala ya malo imene Bradford anailira chifukwa inabalalitsa mpingo wake ndiyo njala yomweyo imene inali kudya dziko la Awampanoag. Munda uliwonse watsopano umene unachotsa mkhristu pa khomo la tchalitchi unasendezanso mwini dziko kutali ndi dambo lake. Iye anaona mbali imodzi ya chilondacho nalira. Mbali inayo sanaione konse. Ndipo mlandu suola. Patapita zaka 18 iye atamwalira, m'chaka cha 1675, inabuka nkhondo yoopsa pakati pa Angerezi ndi Metacom, mwana wa Massasoit yemwe uja. Metacom anaphedwa mu 1676, mutu wake nupachikidwa ku Plymouth, m'mudzi umene atate wake anausunga ndi moyo. Nkhuyu zodya akulu zinapota ana tsopano. Plymouth nayo inamezedwa ndi Massachusetts mu 1691.

Chigamulo

Kodi tsono tilitaye bukuli? Iai ndithu. Zinthu zambiri zimene ndagwiritsa ntchito pomtsutsa Bradford ndazitenga m'buku lake lomwe: chimanga, mafupa, ukapolo wa Squanto, kalata ya Robinson, moto wa ku Mystic. Mlembi wabodza akanazifafaniza. Ukulu wa bukuli uli pakuti linena zoona zoposa zimene mwini wake anazimvetsa. Nkhani yokometsedwa ya phwando la zokolola la 1621, limene Aamerika amalikumbukira pa tsiku la Thanksgiving, siichokera kwa iye; ichokera m'kalata ya Winslow, yosimba za Massasoit ndi anthu ake ngati 90. Bradford angonena za zokolola, nsomba ndi nkhukundembo, napitirira. Anakometsa nkhaniyo ndi adzukulu. Ndipo m'chaka cha 1970 adzukulu a mbali inayo, motsogozedwa ndi Mwampanoag wina, Wamsutta Frank James, anasonkhana ku Plymouth pa tsiku lomwelo nalitcha tsiku la maliro.

Kwa aphunzitsi anzanga ndinena ichi. Ana athu adzawerenga mabuku ambiri olembedwa ndi alendo ofika m'maiko a eni ake, pakuti kawirikawiri wofika ndi chombo ndiye anali ndi cholembera. Tikawaphunzitsa kumeza zonse, tawapusitsa. Tikawaphunzitsa kukana zonse, tawamana chuma. Tiwaphunzitse kuchita monga mfumu yanzeru ichitira pabwalo: imvetsera mboni mpaka itsirize, iiyamika pa zoona zake, kenaka ifunsa kuti, nanga winayo ali kuti? Akawerenga kuti dziko linali chipululu, afunse kuti minda analima ndani. Akawerenga kuti chakudya chinapezeka, afunse kuti anasunga ndani. Mwana wophunzira kufunsa chotero pa buku la Bradford adzadziwa kufunsanso pa mbiri ya mtundu wake womwe, pakuti palibe mtundu umene sunamangepo pa bwinja la wina.